Mafuta a M'ndiwo ndi Matenda a Shuga

Amayi, mwabwera ku sikelo kuno ku Matandani. Ena mwalawirira, mwakwera zitunda mwana ali kumbuyo, choncho sinditalikitsa malonje. Nkhani yathu ikuchokera pa sewero lija tinamvera limodzi pa wailesi. Poti ena simunalimve, ndilongosole pang'ono.

M'seweromo muli mayi wa ana atatu amene amakazinga mandasi ndi tchipisi pa msika. Geni ikuyenda, nayenso thupi labwera. Apongozi ake akunyadira ponseponse kuti mwana wawo akudziwa kusunga mkazi. Tsiku lina pa sikelo namwino akuona kuti khosi la mayiyo lada kumbuyo, khungu lakenso lakhuthala. Mayiyo akuchita manyazi. Akuti wakhala akulikwecha ndi mwala posamba koma litsirolo silikuchoka. Namwino akumuuza kuti si litsiro ayi, ndipo akumuyeza magazi a pa chala. Shuga wapezeka wokwererapo. Sanafike pa matenda, koma ali pafupi. Kunyumba kwabuka mkangano. Bambo akuti iwo ndiwo zopanda mafuta sadya, si odwala. Mayi naye akuopa kuti akangoonda anthu ayamba kumuloza zala.

Titatha kumvera, funso limene ambiri munafunsa linali lakuti, "Nanga poti matendawo ndi a shuga, mafuta akulowapo bwanji?" Funso limeneli ndilo ndikufuna tiyankhe lero.

Kodi insulini ndi chiyani?

Tikadya nsima, mbatata, chinangwa, mpunga kapena buledi, zimagayika m'mimba n'kusanduka shuga, ndipo shugayo amalowa m'magazi. Shuga ameneyu ndiye nkhuni za thupi. Popanda iye simungalime kapena kusenza ndowa ya madzi. Koma ntchito yake sagwirira m'magazi. Ayenera kulowa m'minofu, ndipo minofu ili ndi zitseko zomwe zimakhala zotseka.

Kuseri kwa chifu kuli chiwalo chimene mabuku a zaumoyo amachitcha kapamba. Musasokoneze ndi kapamba uja amatupa mwana akamadwaladwala malungo. Ichi ndi china, achipatala amati pankiriyasi. Chiwalo chimenechi chimatulutsa insulini. Insulini ali ngati mwana amene mwamutuma kuperekeza mlendo. Akafika pakhomo la mnofu amati "Odi!", chitseko chimatseguka, shuga amalowa.

Kwa munthu wabwinobwino odi mmodzi amakwana. Koma pali matupi ena amene amayamba kugontha. Odi akamveka, m'nyumba muli zii. Tsono kapamba amatuma ana awiri, kenaka asanu, kenaka khumi kuti akafuule pakhomopo mpaka chitseko chitseguke. Kugontha kumeneku ndiko timati thupi kusamva insulini. Kungathe kukhalapo zaka zambiri munthu osamva kupweteka paliponse, chifukwa kapamba akulimbikira ndipo shuga akulowabe. Khosi lakuda lija la m'sewero limadza chifukwa cha insulini wochuluka m'magazi, amene amakhuthalitsa khungu la pakhosi ndi m'khwapa. Mwala ndi sopo sizingachotse.

Pomaliza kapamba amatopa. Shuga amangozungulira m'magazi kusowa kolowa, ndipo apa ndi pamene matenda a shuga a mtundu wachiwiri amaonekera: ludzu losatha, kudzuka kangapo usiku kukataya madzi, nyerere kuunjikana pa mkodzo, kuyabwa kumaliseche kumene ambiri timangoti ndi mauka, zilonda zosapola, ndi maso kuona mwachimbuuzi.

Nkhokwe ikadzaza

Nanga chimagonthetsa thupi ndi chiyani? Thupi limasunga mafuta pansi pa khungu, makamaka m'matako, m'ntchafu ndi m'mikono. Imeneyi ndiyo nkhokwe yake, ndipo ndi yabwino. Mayi woyamwitsa amatapa momwemo. Koma nkhokwe ili ndi malire, ndiponso kukula kwake kumasiyana munthu ndi munthu. Inu mukudziwa zimene zimachitika chaka cha zokolola zambiri. Nkhokwe ikadzaza matumba amalowa pabalaza, kenaka kuchipinda, mpaka ena amatsamira chitseko, munthu kusowa podutsa. Mafuta nawonso akasowa malo pansi pa khungu amakaunjikana m'mimba mozungulira matumbo, m'chiwindi, m'kati mwa minofu, ngakhale m'kapamba mwenimwenimo. Mafuta okhala malo olakwikawa ndiwo amatsekereza mawu a insulini.

Chiwindi ndicho chimavutika msanga. Ntchito yake ina ndi kusunga shuga ndi kumamutulutsa pang'onopang'ono usiku pamene tili m'tulo. Shuga akakwana, insulini amachiuza kuti basi. Chiwindi chodzaza mafuta sichimva, chimangotulutsabe. N'chifukwa chake munthu wotere angapezeke ndi shuga wokwera m'mawa asanalawe kanthu.

Motero chimene ife timayang'ana kwambiri ndi mimba, kuposa nambala ya pa sikelo. Yesani izi kunyumba. Dulani chingwe chotalika ngati inu, kuyambira kuphazi mpaka pamutu. Chipindeni pakati, ndipo muchizungulize m'mimba chapamwamba pang'ono pa mchombo. Ngati nsonga zake sizikukumana, nkhokwe yayamba kusefukira. Amene muli ndi tepi ya telala, malire a amayi ndi masentimita 80, a abambo 94. Amayi oyembekezera ndi amene mwangochira kumene, muyeso umenewu si wanu. Ine ndinadziyesa nditabereka mwana wachiwiri, patapita chaka chathunthu, ndipo panatsala mpata wa zala zitatu. Yunifolomu yanga inali itandiuza kale, koma ndinkanamizira telala.

Vutoli likukula m'dziko muno. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 1992 anapeza kuti amayi 10 mwa 100 alionse anali onenepa kupyola muyeso. Pofika 2015 ndi 2016 anali 21 mwa 100. Ndipo musati ndi za m'tauni zokha. Kafukufuku wina amene zotsatira zake zinatuluka mu 2018 anapeza amayi 44 mwa 100 mu mzinda wa Lilongwe, komanso 27 mwa 100 m'midzi ya ku Karonga. Ngakhale kwathu kuno moyo wasintha. Ulendo umene amayi athu ankayenda pansi lero timakwera njinga yamoto, mtondo tinausiyira chigayo, ndipo chiwaya chili pa msika uliwonse.

Mafuta sali ofanana

Pali mafuta ogona ndi mafuta osagona. Mukaphika nyama ya mbuzi kapena ya ng'ombe madzulo, m'mawa mumapeza pamwamba pa mphika payera, mafuta aundana. Amenewo ndiwo ogona. M'gulu lomweli muli mafuta a nkhumba, batala, majarini wolimba, mafuta a kokonati ndi mafuta a pamu. Ambiri a ife kuno nkhumba sitidya chifukwa cha chipembedzo, koma tisadzinamize kuti tapulumuka. Kanyenya wa mbuzi wonona ndi mang'ina zili ndi mafuta a mtundu womwewo.

Mafuta a pamu afunika kuwatchula mwapadera chifukwa amaoneka amadzimadzi ngati ena onse. Amachokera ku zipatso za mtengo wa mtundu wa kanjedza umene umalimidwa kwambiri ku Indonesia ndi ku Malaysia, ndipo pafupifupi theka la mafutawa ndi ogona. M'mafuta a mpendadzuwa, a soya ndi a mtedza, ogona sakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo asanu. Kuzizira kwa kuno ku mapiri kumatithandiza kuwazindikira. M'mawa wa mwezi wa June kapena July yang'anani botolo lanu. Ngati mafuta ayera ndi kulimba mpaka kufuna kuwaika padzuwa, dziwani kuti muli ogona ambiri. Ngati botolo lili ndi chikalata, werengani kapena pemphani mwana wa sukulu akuwerengereni kuti ndi mafuta a chiyani.

Mafuta osagona ndi amene ali mu mtedza ndi nsinjiro, mapeyala, nthanga za maungu, soya, mpendadzuwa, ndi nsomba monga usipa, utaka ndi matemba.

Kodi kusiyanaku ndi kwenikweni? Madokotala a ku Helsinki m'dziko la Finland anayesa, ndipo anafalitsa zimene anapeza mu 2018. Anatenga anthu onenepa 38 n'kuwagawa patatu. Kwa milungu 3 onse ankadya chakudya choonjezera cha mphamvu yofanana tsiku ndi tsiku. Gulu loyamba linkaonjezera mafuta ogona monga batala ndi kokonati, lachiwiri mafuta osagona, lachitatu zotsekemera monga maswiti ndi zakumwa za shuga. Atawaunika, mafuta a m'chiwindi anali atakwera ndi magawo 55 pa 100 m'gulu loyamba, 15 pa 100 m'gulu lachiwiri, ndi 33 pa 100 m'gulu lachitatu. Gulu la mafuta ogona ndilonso linaonetsa kuti thupi layamba kugontha kwa insulini. M'magazi mwawo munachuluka timafuta tina totchedwa seramaidi, timene timasokoneza uthenga wa insulini m'kati mwa thupi. Taganizani, milungu itatu yokha.

Ku Uppsala m'dziko la Sweden anachitanso zofanana, zotsatira zake zinatuluka mu 2019. Anthu onenepa pafupifupi 60 ankadya timakeke toonjezera kwa milungu 8, ena topangidwa ndi mafuta a pamu, ena a mpendadzuwa. Magulu onse awiri ananenepa mofanana. Koma a mafuta a pamu, mafuta a m'chiwindi mwawo anakwera ndi theka, pamene a mpendadzuwa sanakwere. Pa sikelo anali ofanana, koma m'chiwindi anali osiyana.

Wina angati basi, ndigule mafuta a mpendadzuwa ndizithira mmene ndifunira. Ayi amayi. Kafukufuku wa mu 2001 wa anthu 162 a m'maiko 5 anapeza kuti amene ankadya mafuta ogona kwa miyezi 3 thupi lawo linachepa kumva insulini, pamene a mafuta osagona silinasinthe. Koma mwa anthu amene ankadya mafuta ambiri zedi, ubwino wa mafuta osagonawo sunaoneke. Mafuta alionse ali ndi mphamvu yoposa kawiri ya ufa wolemera chimodzimodzi. Mphamvu ya m'supuni yaikulu imodzi ya mafuta imafuna kuyenda ndawala pafupifupi theka la ola kuti ithe.

Onaninso nambala ija ya 33. Chiwindi chimatha kusandutsa shuga wotsala kukhala mafuta. Mayi amene wachotsa mafuta m'ndiwo koma waonjezera mitanda ya nsima ya ufa woyera, tiyi wa masupuni anayi a shuga ndi thobwa lotsekemera kwambiri, wangosintha njira koma akupita komweko.

Tichite chiyani pa mafuwa?

Sindikuuzani kuti mukataye mafuta amene muli nawo. Ndikudziwa mtengo wake, ndipo ambiri timagula oyeza malinga ndi ndalama ya tsikulo. Ndiponso mafuta ophikira a m'mabotolo amathiridwa vitamini A, amene amathandiza maso ndi chitetezo cha ana. A bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO, m'malangizo awo a 2023, sanati mafuta asiyidwe. Anati ogona asapyole gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu ya chakudya cha tsiku. M'magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene timaphunzitsa pa sikelo, gulu la zamafuta lilimo.

Choyamba, lekani kuthira mafuta kuchokera m'botolo. Dzanja limanama. Thirani pa supuni. Ine ndimalangiza supuni yaikulu imodzi kapena ziwiri pa mphika wa ndiwo za banja lonse. Lita imodzi ili ndi masupuni oposa 60, choncho banja lothira masupuni anayi pa tsiku lita imawakwanira milungu iwiri ndi masiku ena. Ambiri akayamba kuyeza amadabwa kuti botolo likuchedwa kutha.

Kenaka bwererani ku ndiwo zotendera. Nkhwani, bonongwe, chisoso, chigwada kapena mpiru wotendera nsinjiro ndi chakudya chabwino kuposa masamba osambira m'mafuta. Agogo athu sankadziwa dzina la insulini, koma pa ichi anali patsogolo pathu. Posinja, sankhani mtedza bwino ndi kutaya wonse wachuku ndi wofota, chifukwa chuku chili ndi poizoni woononga chiwindi. Mukatendera musathirenso mafuta. Usipa muuphike ndi tomato ndi anyezi m'malo moukazinga m'mafuta ambiri. Nyemba, nandolo ndi khobwe zimakhutitsa ndipo shuga wake amalowa m'magazi pang'onopang'ono. Nsima ikhale ya mgaiwa pamene mungathe. Nyama ikapezeka, dulani zoyerazo musanaphike, ndipo mafuta ogona pamwamba pa mphika m'mawa muwachotse ndi supuni musanatenthetse.

Mbatatesi imene timalima ku mapiri a Neno kuno, yophika m'madzi ilibe mafuta. Yomweyo ikalowa m'chiwaya imatuluka itamwa mafuta, ndipo kawirikawiri ndi mafuta amene atenthedwa mobwerezabwereza mpaka kuda. Mafuta otere amaonongeka ndipo sayenera thupi. Mayi wa m'sewero uja sitikumuuza kuti asiye geni yake, poti ndi imene ikuphunzitsa ana. Vuto lake ndi lakuti mandasi otsala ndiwo kadzutsa wake, tchipisi ndiyo nkhomaliro, ndipo tsiku lonse amakhala pa mpando. Atamanyamula mbatata yophika ndi peyala kapena nachesi kuchokera kunyumba, zambiri zingasinthe.

Nanga bambo okana ndiwo zopanda mafuta? Malangizo anga ndi akuti musalengeze. Chepetsani pang'onopang'ono, onjezerani tomato, anyezi ndi tsabola, lilime limazolowera. Akazindikira n'kuyamba kudandaula, apatseni chingwe chija adziyese. Mungawauzenso mwaulemu, muli awiri, kuti shuga akakhalitsa amaononga mitsempha ndipo amafooketsa abambo ambiri pa nkhani ya m'nyumba. Mawu amenewa ndaona kuti amamveka msanga kuposa nkhani ya chiwindi.

Ana ndi amayi oyembekezera

Apa mvetsetsani, chifukwa ndikuopa kuti wina akalakwitsa. Zonse ndanenazi ndi za akuluakulu onenepa. Mwana wamng'ono, makamaka wosakwana zaka 2, amafuna mafuta kuti akule ndi kuti ubongo wake ukhwime. Kamimba kake n'kakang'ono, choncho phala lake liyenera kukhala ndi nsinjiro, peyala kapena kasupuni ka mafuta monga timakuphunzitsirani. Kafukufuku uja wa 2015 ndi 2016 anapezanso kuti ana 37 mwa 100 osakwana zaka 5 anali opinimbira. M'nyumba imodzi mungathe kukhala mayi wonenepa ndi mwana woperewera zakudya. Supuni imene mwachotsa m'mbale yanu ipite m'phala la mwana.

Mayi woyembekezera asayese kudziondetsa. Adye magulu onse a zakudya, achepetse zokazinga ndi zotsekemera, ndipo abwere ku sikelo mwezi ndi mwezi monga mwa masiku amene apatsidwa. Pa nthawi ya pakati thupi la mayi aliyense limachepa kumva insulini, ndipo kwa ena shuga amakwera mpaka mwana amakula mopyola muyeso. Ngati munaberekapo mwana woposa makilogalamu 4, tiuzeni. Kunyumba anakuyamikirani kuti mwabereka chimphona, koma kwa ife chimenecho ndi chifukwa chokuyezerani shuga, tsopano ndi m'zaka za m'tsogolo.

"Anthu adzati chiyani ndikaonda?"

Mantha a mayi wa m'sewero ndi enieni, ndipo sindikuwapeputsa. Tinaika abale ambiri m'zaka za Edzi mankhwala asanabwere, ndipo kuyambira pamenepo kuonda kunasanduka mbiri yoipa. Mayi akatsika thupi, ena amati ali ndi kachilombo, ena amati banja lavuta.

Koma kuonda kumene tikunena ndi kochepa. Ku America, kafukufuku wa anthu oposa 3,000 amene shuga wawo anali pafupi ndi matenda, wofalitsidwa mu 2002, anawapempha kutsitsa magawo 7 pa 100 a kulemera kwawo ndi kuyenda ndawala mphindi 150 pa mlungu. Chiopsezo chodwala shuga chinatsika ndi magawo 58 pa 100 poyerekeza ndi anzawo amene sanatsate njirayi. Kwa mayi wa makilogalamu 80, ndiye kuti kutsitsa makilogalamu 5 kapena 6 m'miyezi ingapo. Chitenje chimangomangika bwino, anthu ambiri sazindikira n'komwe, koma mafuta a m'chiwindi ndiwo amayamba kuchoka. Kuyendako kuli ndi phindu lakelake. Mnofu umene ukugwira ntchito umatsegula zitseko zake wokha osadikira odi, n'chifukwa chake kulima, kusinja ndi kukwera zitunda zathuzi ndi mankhwala. Matenda a shuga osasamalidwa ndiwo amaondetsa koopsa, ndipo amatha kuchititsa khungu, kuononga impso ndi kudulitsa mwendo.

Amene mukumwa ma ARV, ena mwaona thupi likubwera kwambiri chisinthireni mankhwala mu 2019. Zimachitika kwa ena, makamaka amayi. Musasiye kumwa ngakhale tsiku limodzi. Nenani kwa achipatala kuti azikuyezani sikelo, shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Chimodzimodzi amene mukuona kuti mwanenepa mutayamba jakisoni wolera, bwerani tikambirane, osangosiya mwakachetechete.

Dziwaninso kuti si onenepa okha amene amadwala shuga. Kuno kwathu timaona odwala ena oonda, ndipo pali mtundu woyamba wa shuga umene umagwira ana ndi achinyamata, pamene kapamba waleka kupanga insulini. Amenewa amafunika jakisoni wa insulini tsiku lililonse, ndipo kusintha mafuta m'ndiwo sikungalowe m'malo mwake. Mwana akamamwa madzi kwambiri, kukodza pafupipafupi ndi kuonda msanga, thamangirani naye ku chipatala tsiku lomwelo.

Kuyezetsa

Ife a m'boma la Neno tili ndi mwayi. Bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo linayamba kugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo kuno mu 2007, ndipo mu 2015 kunayamba kiliniki ya matenda okhalitsa, imene odwala shuga, kuthamanga kwa magazi, mphumu, khunyu ndi HIV amaonedwa pamalo amodzi. Ubwino wake wina ndi wakuti munthu wokuonani pa mzere sangadziwe chimene mwabwerera. Mu 2018 zipatala za Neno ndi Lisungwi zinatsegulanso kiliniki ya matenda ovuta kwambiri monga shuga wa mtundu woyamba. Funsani namwino kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu tsiku limene mungayezetse.

Muyenera kuyezetsa ngati chingwe chija sichinakumane, ngati khosi lada, ngati mayi, bambo kapena m'bale wanu wa bere limodzi ali ndi shuga, ngati muli ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, kapena munabereka mwana wamkulu uja. Timabaya pa chala, sizitenga nthawi. Makina athu akaonetsa 126 kapena kuposa, munthu asanadye, pa masiku awiri osiyana, timati ndi matenda a shuga ndipo timayamba chithandizo. Akaonetsa pakati pa 110 ndi 125, muli pamene panali mayi wa m'sewero uja, ndipo supuni, nsinjiro ndi kuyenda zingathe kukubwezani.

Tsiku loyezetsa mubwere m'mawa musanadye, patapita maola 8 chidyereni. Musamwe tiyi kapena thobwa, madzi okha ndiwo mungamwe. Tengani buku lanu la kuchipatala, ndipo mumange pa chitenje kambatata kophika koti mudye mukayezetsa, poti ulendo wobwerera ndi wa chitunda.